Mayina a Pakhoma ndi Mayina a Pakamwa: Ulendo wa m'Misewu ya ku Czech



Mwandipempha kuti madzulo ano ndikuyendetseni m'misewu ya dziko la Czech, dziko la pakati pa Ulaya, lopanda gombe la nyanja yamchere, la anthu pafupifupi 11 miliyoni. Achikulire ena muno mumalidziwa ndi dzina loti Czechoslovakia, lomwe linatha pa 1 Januwale 1993 pamene Atcheki ndi anzawo a ku Slovakia anagawana dziko popanda kulira kwa mfuti. Ogulitsa maulendo akanakuyambitsirani pa mlatho wotchuka wa Charles kapena kunyumba yachifumu ya paphiri. Ine ndiyambira pa msewu wina wa mu Prague umene alendo ambiri saupondako n'komwe.

Lero msewuwo umatchedwa Vinohradská. Umayambira kuseri kwa National Museum n'kulowera kum'mawa, kudutsa m'midadada ya nyumba zogona anthu mpaka kukapitirira manda aakulu a Olšany. Mu 1884 unapatsidwa dzina la Josef Jungmann, katswiri amene analemba dikishonale yaikulu ya Chitcheki panthawi imene olemera ndi ophunzira ankayankhula Chijeremani, Chitcheki n'kumachiona ngati cha antchito ndi akumudzi. Mu 1920, dziko litangoima palokha ndipo likudalira ubale ndi France, msewu uja unakhala wa Foch, mkulu wa asilikali a ku France. Mu 1940, Ajeremani a Hitler ali pampando, anachotsa Foch n'kuikapo Schwerin, mkulu wa asilikali a ku Prussia amene anafera kunja kwa Prague mu 1757 akuthira nkhondo mzinda womwewo. Nkhondo itatha Foch anabwerera, koma sanakhalitse. Mu 1946 msewu unasanduka wa Stalin, ndipo unakhala choncho mpaka 1962, pamene akuluakulu anaona kuti kuli bwino kuutchula dzina la dera limene ukudutsa, dera lomwe kale linali minda ya mphesa. Mphesa sizigwa pampando.

Taganizani za mayi wobadwira m'nyumba ina pamsewuwu mu 1910 n'kukalambira momwemo. Sanasamukepo, bedi lake lili pakona yomweyo, koma adiresi yake yasintha kasanu.

Ifenso zimenezi tikuzidziwa. Fort Johnston inasanduka Mangochi, Port Herald inasanduka Nsanje, ndipo msewu wa mu Blantyre umene unali Kamuzu Highway lero ndi Masauko Chipembere. Kungoti ku Czech ntchito yomasula ndi kukhomanso zikwangwani yachitika pafupipafupi kwambiri moti anthu anasiya kuchidalira chikwangwani. Dzina lapakhoma ndi la amene akulamulira chaka chimenecho. Eni mzinda ali ndi mayina awoawo apakamwa, amene sanalembedwe ndi khonsolo iliyonse, ndipo amene akufuna kuudziwa mzinda wa ku Czech ayenera kutchera khutu ku mayina amenewo, kuyang'ana pansi pomwe akuponda, ndi kuona zimene anthu amachita pamsewupo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Nkhani yanga yonse yagona pamenepo.

Ku Dejvice, kumpoto chakumadzulo kwa Prague, kuli bwalo lalikulu pomwe misewu ingapo imakumana, magalimoto n'kumazungulira. Pamapu ndi Vítězné náměstí. Lakhalapo bwalo la gulu lankhondo la Germany, lakhalapo la Pulezidenti Edvard Beneš, ndipo kuyambira 1952 mpaka 1990 linali ndi dzina lokumbukira kulanda boma kwa Achikomyunizimu ku Russia mu 1917. Pa nthawi yonseyi agogo, ana asukulu ndi oyendetsa matakisi ankangoti Kulaťák, chozungulira, chifukwa ndi mmene bwalolo lilili. Mpaka lero ndi Kulaťák.

China chimene chimandiseketsa chili paphiri la Letná, moyang'anana ndi mtsinje wa Vltava. Pa 1 Meyi 1955 boma linavundukula chiboliboli cha Stalin cha mwala, chotalika mamita oposa 15, kumbuyo kwake kutandandalika antchito, alimi ndi asilikali, nawonso amwala. Anthu, amene masiku amenewo ankaima maola pamzere kuti agule chakudya, atangochiona anachitcha mzere wogulira nyama. Wosema chibolibolicho, Otakar Švec, anadzipha chisanavundukulidwe. Chaka chotsatira mtsogoleri wa Soviet Union, Khrushchev, anadzudzula nkhanza za Stalin ku Moscow, ndipo chinthu chodula chija chinasanduka chamanyazi. Mu 1962 anachiphulitsa ndi mabomba. Panatsala nsanja yake yokha, ndipo mu 1991 anaikapo chitsulo chachitali chofiira chimene chimangopendekera uku ndi uku ngati chikuwerenga nthawi. Lero anyamata amatsetserekapo ndi timatabwa tamatayala, ena amamwerapo mowa dzuwa likamalowa. Mukawafunsa komwe akupita akuyankhani kuti akupita pa Stalin. Boma linalephera kuwakakamiza kulemekeza dzinalo chiboliboli chilipo, ndipo lalepheranso kulichotsa pakamwa pawo chitachoka zaka zoposa 60 zapitazo.

Pa bwalo la Wenceslas napo, achinyamata akamapangana sanena nambala ya nyumba. Kumtunda kwa bwaloli kuli chiboliboli cha Wenceslas Woyera atakwera hatchi, ntchito ya Josef Václav Myslbek. Amangoti tikumane pa hatchi, kapena kunsi kwa mchira. Maukwati ambiri a mu Prague anayambira kunsi kwa mchira umenewo.

Tsiku lina mapu a m'mutu amenewa anagwira ntchito ya chida. Usiku wa pa 20 kuchera pa 21 Ogasiti 1968, asilikali a Soviet Union ndi a mayiko ena a mgwirizano wa Warsaw analowa m'dzikoli ndi akasinja kudzathetsa kusintha kumene Alexander Dubček anayambitsa, kolola anthu kuyankhula ndi kulemba momasuka. Asilikali a dzikolo anauzidwa kuti asalimbane nawo. Anthu wamba anathamangira kunyumba ya wailesi, imene ili pa Vinohradská pomwe paja, n'kutseka msewu ndi mabasi kuti wailesi ipitirize kuuza dziko zimene zikuchitika. Ena anafera pomwepo. Kenaka m'masiku otsatira anthu anatuluka ndi makwerero, zomasulira ndi zitini za penti. Zikwangwani za misewu zinazimiririka, manambala a nyumba anachotsedwa, mayina a pazitseko anafufutidwa. Zikwangwani zina anazilemba dzina la Dubček, moti mumakhota kuchoka mu msewu wa Dubček kulowa mu msewu wa Dubček. Zolozera njira anazitembenuza, ndipo pena anangolembapo njira yobwerera ku Moscow. Mwana wa mu Prague sankasowa kwawo, wopereka makalata sankasokera. Wosokera anali mlendo wamfuti, atagwira mapu kudzanja ili ndi mndandanda wa oti awamange kudzanja linalo. Sindikufuna kukometsa nkhaniyi mopitirira muyeso. Penti sinathamangitse akasinja. Dubček anachotsedwa, mu Januwale 1969 wophunzira wina, Jan Palach, anadziotcha pafupi ndi hatchi ija podandaula kuti anthu ayamba kuzolowera, ndipo asilikali a Soviet Union anakhala m'dzikomo mpaka 1991.

Tsopano tiyeni tiime pakhomo la nyumba imodzi, tiyang'anitsitse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambali pa chitseko muona timalata tiwiri, kena kofiira, kena kabuluu, kalikonse ndi nambala yake. Mlendo amasokonezeka, amayesa kuti wina analakwitsa. Nambala yofiira ndi yakale. Inayamba cha m'ma 1770, mu ulamuliro wa Mfumukazi Maria Theresa wa ku Vienna, ndipo cholinga chake sichinali kuthandiza alendo ayi. Boma linkafuna kudziwa nyumba iliyonse ndi amuna amene ali m'menemo, kuti liwapeze msanga pofuna asilikali ndi msonkho. Manambalawa amawerengedwa m'dera lonse, ndipo nyumba yatsopano imangolandira nambala yotsatira, choncho nyumba zoyandikana zikhoza kukhala ndi manambala otalikirana zedi. Mzinda utakula, opereka makalata anavutika, ndiye m'zaka za m'ma 1860 anawonjezera nambala yabuluu, yotsata ndondomeko ya msewu, osagawika pawiri mbali iyi, ogawika mbali inayo. Yakale ija sanaichotse. Ndiye chifukwa chake adiresi ya mu Prague imalembedwa ndi manambala awiri, monga Nerudova 233/47.

Adiresi imeneyi sindinangoitola. Ndi nyumba imene munkakhala mlembi Jan Neruda, pa msewu wotsetsereka wokwerera kunyumba yachifumu, womwe pano uli ndi dzina lake. Mukakweza maso pamwamba pa chitseko muona madzuwa awiri osemedwa, ndipo nyumbayi imadziwika kuti Pa Madzuwa Awiri. Manambala asanabwere, nyumba iliyonse inali ndi chizindikiro chake, chifukwa ambiri sankadziwa kuwerenga koma chithunzi aliyense amachiona. Pamsewu womwewu pali nyumba ya mavayolini atatu, momwe munkakhala banja lopanga mavayolini, pali ya mkango wofiira, pali ya tsekwe woyera. Khoma limodzi, mibadwo itatu: chithunzi cha mwini nyumba, nambala ya mfumukazi yofuna asilikali, nambala ya wapositi. Ndipo chithunzi chija sichinafe. Siteshoni ina ya sitima ya pansi pa nthaka, imene Achikomyunizimu anaitcha Moskevská polemekeza Moscow, mu 1990 inasinthidwa kukhala Anděl, potengera mngelo amene anajambulidwa pa nyumba ina yakale pamphambano pamenepo.

Titsitse maso pansi. M'mbali mwa misewu ya pakati pa Prague mumayenda pa timiyala ta makona anayi, tokwana m'dzanja, toyera, totuwa ndi takuda, toyalidwa mwaluso m'mizere ndi m'mabokosi. Amisiri ake amagwira ntchito atagwada, kanyundo m'manja, kuika kamwala kamodzikamodzi mumchenga. Paipi ikaphulika amatizula, kukonza, n'kutibwezeretsa. Amayi a nsapato zazitali zidendene amatitukwana tsiku ndi tsiku, koma palibe amene angalole kuti athirepo phula.

Pansi pa timiyalato pali mzinda wina. Vltava ndi mtsinje wosefukira, ndipo m'zaka za m'ma 1200 anthu a mu Old Town anakweza nthaka ya misewu yawo ndi mamita angapo. Zipinda zimene zinali zapansi zinakwiririka n'kusanduka mosungira katundu. Mukatsikira m'malo ena odyera lero, mumakhala m'chipinda chimene mazenera ake kale ankaona dzuwa. Madzi omwewo anagumula mlatho wakale wa Judith mu 1342, n'chifukwa chake Mfumu Charles IV inayamba kumanga mlatho wake mu 1357. Mfumu imeneyi ndi imene inajambula misewu yambiri imene anthu akuyendamo lero. Mu 1348 inakhazikitsa yunivesite, ndipo chaka chomwecho inayala New Town mozungulira misika itatu ikuluikulu: wa ng'ombe, wa udzu wodyetsa ziweto, ndi wa mahatchi. Msika wa mahatchi uja, wotalika pafupifupi mamita 750, ndi umene mu 1848 unasanduka bwalo la Wenceslas. Anayeza malo poganizira ziweto ndi ngolo, koma malowo anadzakwanira makamu a anthu a mu 1918, a mu 1968 ndi a mu 1989.

Pa bwalo la Old Town alendo amaunjikana ola lililonse, makosi m'mwamba, kudikira kuti tiziboliboli ta atumwi tisuzumire pa wotchi ya mu 1410. Ochepa ndi amene amaona kuti pambali pomwepo, pansi, pali mitanda 27 yoyera yoyalidwa m'miyala. Pamenepo, pa 21 Juni 1621, anaphera atsogoleri 27 a ku Bohemia, chigawo chimene muli Prague, amene anaukira mafumu a banja la Habsburg n'kugonja pa nkhondo ya White Mountain chaka cha m'mbuyo mwake. Kuchokera pamenepo dzikoli linalamulidwa kuchokera ku Vienna kwa zaka pafupifupi 300.

Mukayenda pang'ono kulowera kumtsinje mufika mu Pařížská, msewu wamitengo m'mbali, wa masitolo odula kwambiri m'dziko lonselo. Msewu umenewu anaudula pakati pa dera la Ayuda, Josefov, lomwe linali la tinjira tothinana ndi nyumba zodzaza anthu osauka. Lamulo la mu 1893 linalola khonsolo kugumula deralo ponena kuti ndi lauve, ndipo m'zaka zochepa pafupifupi lonse linapita. Anasiya masunagoge asanu ndi limodzi, manda akale, ndi holo ya Ayuda imene ili ndi wotchi ya zilembo za Chiheberi yoyenda chobwerera m'mbuyo. Nyumba zinagumulidwa ndi khonsolo, koma anthu ake anadzaphedwa ndi a Nazi. Pa makoma a sunagoge wa Pinkas panalembedwa mayina pafupifupi 80,000 a Ayuda a ku Bohemia ndi Moravia amene anaphedwa. Pamakomo ena mupeza timalata tamkuwa tokhomedwa pansi pakati pa timiyala tija, kalikonse kali ndi dzina la munthu mmodzi amene ankakhala m'nyumbamo, chaka chobadwa, ndi kumene anamutengera.

Pali chinthu china chowawa. M'zaka za m'ma 1980 boma la Chikomyunizimu linayala miyala yatsopano kumunsi kwa bwalo la Wenceslas. Atsogoleri a Ayuda ankanena kwa nthawi yaitali kuti ina mwa miyalayo inadulidwa ku ziliza za m'manda awo osiyidwa. Mu 2020, pokonzanso bwalolo, antchito anatembenuza miyala ija n'kupeza zilembo za Chiheberi, nyenyezi ndi zaka zomwalirira, zonse zitayang'ana pansi. Anthu anakhala akuziponda zaka zoposa 30. Miyalayo anaisonkhanitsa, ndipo mu 2022 anamangira chikumbutso ku manda akale a Ayuda ku Žižkov.

Za 1989 ndingodutsamo, poti ambiri munazimva. Pa 17 Novembala ophunzira anayenda mwamtendere mpaka apolisi anawatsekereza mu msewu wa Národní n'kuwamenya. Masiku otsatira anthu miyandamiyanda anadzaza msika wa mahatchi uja akugwedeza makiyi m'mwamba, mtsogoleri wa otsutsa boma Václav Havel ndi Dubček anaima limodzi pakhonde la nyumba ya Melantrich, ndipo pa 29 Disembala Havel anali pulezidenti. Amisiri a zikwangwani anapezanso ganyu. Bwalo la Red Army linakhala la Jan Palach, msewu wa Lenin unakhala Evropská. Ndipo mwambowu sunathe: mu 2020 bwalo la kutsogolo kwa ofesi ya kazembe wa Russia linapatsidwa dzina la Boris Nemtsov, wotsutsa boma amene anaphedwa ku Moscow, ndipo mu 2022 chigawo cha msewu wapafupi chinatchedwa cha ngwazi za ku Ukraine.

Koma munthu sadya mbiri. Kodi msewu wa mu Prague umakhala bwanji Lachiwiri wamba?

Mfumu ya msewu ndi tramu, sitima yamagetsi yoyenda pa njanji zoyalidwa mumsewu momwemo. Zoyamba mu Prague zinkakokedwa ndi mahatchi kuyambira 1875, ndipo yamagetsi anaiyambitsa František Křižík mu 1891. Zofiira zakale za mtundu wa Tatra T3 zikuyendabe. Woyenda pansi ayenera kudziwa kuti ngakhale pamalo owolokera, galimoto imaima koma tramu siima, imangoliza belu. Kumbukiraninso kuyang'ana mbali yoyenera, chifukwa kumeneko amayenda kumanja. Ankayenda kumanzere mpaka Malichi 1939, pamene Ajeremani atangolowa anafulumizitsa kusintha kumene kunali kutakonzedwa kale. Tikiti simugula kwa kondakitala, kulibe. Mumagula ya mphindi 30 kapena 90, mukakwera n'kuilowetsa m'kamakina kachikasu kuti kaidinde nthawi. Palibe amene amakufunsani pakhomo. Ndiye tsiku lina bambo wina wovala wamba, amene mumamuyesa mnzanu wapaulendo, amatambasula dzanja n'kukuonetsani kabaji. Ngati tikiti mulibe, chindapusa chake mudzachikumbukira. M'tramu anthu sayankhula mokweza, sapatsana moni, ndipo nkhope zawo mukhoza kuyesa kuti akwiya nanu. Koma gogo akangokwera, mnyamata wovala zomvera nyimbo m'makutu amanyamuka osauzidwa. Yemweyo akalowa m'kasitolo kakang'ono amapereka moni, dobrý den, potuluka n'kutsanzika.

Kasitolo ka pakona kotsegula mpaka usiku amakatcha večerka, ndipo kawirikawiri mwini wake ndi wochokera ku Vietnam. Anthu amenewa anayamba kubwera m'nthawi ya Chikomyunizimu kudzaphunzira ndi kudzagwira ntchito m'mafakitale mwa mgwirizano wa maboma awiriwo. Boma litagwa ambiri anatsala n'kuyamba malonda. Lero ndi gulu lachitatu kukula mwa alendo okhala m'dzikoli, pambuyo pa a ku Ukraine ndi a ku Slovakia, ali ndi msika wawo waukulu wotchedwa Sapa kum'mwera kwa Prague, ndipo ana awo amayankhula Chitcheki cha mumsewu ngati wina aliyense.

Madzulo moyo umasamukira mu hospoda, malo omwera mowa a m'dera. Atcheki amamwa mowa wambiri pa munthu aliyense kuposa mtundu wina uliwonse padziko, ndipo mowa woyera wa golide umene mayiko ambiri amatsanzira unafululidwa koyamba ku Plzeň mu 1842 ndi Josef Groll. Mukakhala pansi mumaika kakatoni kozungulira patsogolo panu. Woperekera amabwera ndi chikho cha theka la lita, thovu lake lokhuthala zala zitatu, amachiika pa kakatoniko, n'kulemba kamzere kamodzi pa kapepala kamene amakasiya patebulo. M'malo achikale safunsanso. Chikho chikatsala pang'ono kutha amabweretsa china, kamzere kachiwiri. Mukafuna kuti aleke mumavundikira chikho ndi kakatoni kaja. Kapepalako musakataye, ndiye bilu yanu. Pakona pamakhala tebulo la makasitomala a tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale likhale lopanda munthu, mlendo sakhalapo. M'zaka zimene nyuzipepala zinkalemba zofuna boma zokha, nkhani zenizeni zinkakambidwa pa matebulo amenewa, motsitsa mawu, poti khutu la boma nalo linkamwa momwemo.

Nyengo nazo zili ndi zochitika zake. Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, 12 koloko masana, masaireni amalira m'dziko lonse powayesa. Mlendo amanjenjemera, eni dziko osatukula n'komwe mutu. Madzulo a pa 5 Disembala m'misewu mumayenda anthu atatuatatu, wina atavala ngati Nikolasi Woyera, wina mngelo, wina mdyerekezi wa unyolo ndi thumba, kufunsa ana ngati akhala omvera. Womvera amalandira maswiti, wamwano amalandira khala kapena mbatata. Kukatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, pamphambano pamaikidwa migolo ikuluikulu ya madzi yodzaza nsomba zamoyo za mtundu wa kapu, zambiri zochokera m'madamu a ku Třeboň amene anakumbidwa zaka za m'ma 1500. Wogulitsa, atavala epuloni yalabala, manja ali psuu ndi kuzizira, amavuula imene mwaloza, kuiyeza pasikelo, n'kufunsa ngati aiphe. Mabanja ena amapita nayo yamoyo kukaisunga m'bafa mpaka pa 24, ana n'kuipatsa dzina, ndipo mukudziwa kale mmene misozi imakhalira tsiku lophika. Mamba ake ena amaika m'chikwama kuti ndalama zisathe.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Njira imene alendo ambiri amatsata, kuchoka pa wotchi ija kudutsa mu msewu wa Karlova kukafika pamlatho, ndi yokongola koma eni ake anaithawa. Chiyambire pamene UNESCO inaika pakati pa Prague pa mndandanda wake mu 1992, nyumba zambiri zasanduka zogona alendo, ndipo okhalamo enieni akucheperachepera. M'masitolo amagulitsa zidole za ku Russia ngati chikumbutso cha Prague, mumzinda womwe unamasula zikwangwani zake pothawa Moscow. Pakona iliyonse akuotcha trdelník, mkate wotsekemera wokulungidwa pa ndodo, n'kumati ndi chakudya chamakolo cha mumzindawu, pamene agogo a mu Prague sanakule nacho. Amene akufuna kuona kumene Atcheki amakhala akwere sitima ya pansi pa nthaka mpaka kumapeto, ku Jižní Město, kumene anthu pafupifupi 80,000 amakhala m'nyumba zosanja zomangidwa ndi zipupa za simenti zoumbiratu kufakitale. Nyumba zotere amazitcha panelák, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dzikoli amakhala m'menemo. Kale zinali zotuwa zokhazokha, pano anazipaka mitundu, mitengo inakula, sukulu ndi chipatala zili pafupi. Lachisanu masana magalimoto amatuluka mumzinda mwaunyinji, anthu akupita ku tinyumba tawo ta kumudzi kukalima timinda ndi kukazula bowa m'nkhalango.

Prague si Czech yonse, ndipo a ku Brno, mzinda wachiwiri, angandikwiyire ndikapanda kuwatchula. Kumeneko belu la masana pa tchalitchi chachikulu cha Petrov limalira 11 koloko. Nthano imati mu 1645 mkulu wa asilikali a ku Sweden, Torstenson, atatopa ndi kuzinga mzindawo, analumbira kuti ukapanda kugwa pofika 12 koloko achoka, ndiye woliza belu anamufupikitsira ola. Zoti a ku Sweden anazinga Brno n'kulephera ndi zoona. Za beluzo aliyense aziweruze yekha. Pakhomo la holo yakale ya mzindawo papachikidwa chilombo chimene eni ake amachitcha chinjoka cha Brno. Aliyense wa ku Shire akangochiona adziwa kuti ndi ng'ona youmika.

Nditsirizire ku Zlín, kum'mawa kwa dzikoli, chifukwa ambiri muno mwavalapo kachidutswa ka mzinda umenewu kuphazi. Nsapato za Bata zimene tinapitira kusukulu, zimene ena ankayesa kuti ndi kampani ya konkuno, zinayambira kumeneko mu 1894, pamene Tomáš Baťa ndi m'bale wake Antonín ndi mlongo wawo Anna anatsegula kamalo kosokera nsapato. Zlín inali katauni ka anthu pafupifupi 3,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 inali ndi anthu oposa 40,000, ndipo pafupifupi chilichonse chinali chomangidwa ndi kampaniyo: fakitale, sukulu, chipatala, nyumba ya kanema, ndi tinyumba ta njerwa zofiira tofanana, kalikonse ndi kadimba kake. Baťa, yemwe anakhalanso meya kuyambira 1923, anamanga mzinda monga ankasokera nsapato, pa muyeso umodzi: mizati ya nyumba zikuluzikulu inkatalikirana mamita 6.15, kaya ndi fakitale, kaya ndi hotela. M'madera ena a antchito misewu sanavutike n'kuipatsa mayina a anthu. Ndi Zálešná I, Zálešná II, Zálešná III, mpaka mmenemo. Wantchito ankalandira bwino ndi kugona pabwino, koma kampani inkadziwa za moyo wake wonse, mpaka ukhondo wa m'nyumba mwake, ndipo ntchito ikatha nyumba nayo yatha.

Tomáš anafa pa ngozi ya ndege mu 1932. M'bale wake wina, Jan Antonín, anamanga likulu la kampani la nsanjika 16, lotalika mamita 77.5, lomwe linatha mu 1938. Ofesi ya bwana anaiika mu chikepe, chipinda chathunthu chokhala ndi desiki, telefoni ndi sinki, chokwera ndi kutsika kuti bwanayo aime pa nsanjika iliyonse osanyamuka pampando. Sanaigwiritse ntchito mokwanira, chifukwa nkhondo inamuchotsa m'dzikomo. Mu 1945 boma linalanda fakitale, banja la Baťa linapitiriza malonda ali kunja, ndipo n'chifukwa chake Bata ya ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Gweru inapitirira pamene kwawo dzinalo linali loletsedwa. Mu 1949 fakitale inatchedwa Svit, ndipo mzinda wonse, osati msewu umodzi, unasinthidwa dzina kukhala Gottwaldov polemekeza Klement Gottwald, pulezidenti woyamba wa Chikomyunizimu. Unabwerera kukhala Zlín pa 1 Januwale 1990. Nyumba yaitali ija lero muli maofesi a boma la chigawo, chikepe cha bwana chikuyendabe ndipo alendo amakwera. Pa mapulani a fakitale inali nyumba yoyamba pa mzere wachiwiri, ndiye anailemba 21, ndipo a ku Zlín akhala akuitchula ndi nambala imeneyo kuyambira nthawi ya Baťa, ya Hitler, ya Gottwald mpaka pano.

Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ngati pali mafunso ndiwalandira.